CILANGIZO CIMENE CILEKEZA PANJIRA

Pa midzi yathu palibe mwana wamkazi amene atha msinkhu nasiyidwa wopanda mau. Tsiku limene aona cacilendo m'thupi mwace athamangira kwa agogo ace, ndipo posacedwa anamkungwi, kapena alangizi a mu mpingo, amkhazika pamphasa namuuza za kudzisamala, za ulemu, ndi za ngozi zimene zimdikira. Pofika ukwati amlangizanso. Akaima, nchembere zisonkhana pa cisamba kumphunzitsa za pakati ndi za kubala. Ndipo mwana atabadwa zibweranso ndi mau ena. Koma mai yemweyo akafika zaka 45 kapena 50, nayamba kuona kuti masiku ace a kumwezi asokonezeka, palibe munthu amene amyalira mphasa. Cilangizo cimene cinamlandira polowa sicimperekeza potuluka. Mpata umenewu ndiwo tifuna kuuyesa lero, pamodzi ndi ziphunzitso zosaongoka zimene zamera m'menemo monga udzu m'munda wosapalira.

Tidziwa kuti ena adzati nkhani yotere siyenera kulembedwa m'kalata amene awerengedwa ndi amuna ndi akazi pamodzi. Manyazi amenewo tiwalemekeza, ndipo tidzasankha mau athu. Koma buku la Genesis, pa mutu 18, linena poyera za msinkhu umenewu m'moyo wa Sara, ndipo tiliwerenga pamaso pa ana osacita manyazi. Akulu anati, safunsa anadya phula. Koma munthu afunsa bwanji cinthu cimene mudzi wonse wapangana kusacichula?

Tiyambe ndi cimene makolo analondola, pakuti ciripo. Pakati pa Acewa mkazi amene ali kumwezi sanali kuthira mcere m'ndiwo, kuopa mdulo, ndipo anthu a msinkhu wobala anali kuyesedwa otentha. Mai amene waleka kusamba anali kuyesedwa wozizira, womasuka ku miyambo yambiri yotere. Iye ndiye anali kukhulupirika pa nchito zimene acitsikana sanali kuloledwa kuzigwira, ndipo mwa amai otere ndimo munali kutuluka anamkungwi ndi azamba ambiri. Sitiri pano kuweruza mlandu wa mdulo. Cimene tiona ndi cakuti makolo anayesa msinkhu umenewu kukwera pa mpando wa ulemu. Sanauyese nthenda kapena temberero. Pa mfundo imeneyi madotolo a lero abvomerezana nao. Kumene cilangizo cao cinaperewera ndi uku: cinauza mai za malo ace atsopano pamudzi, koma sicinamuuze zimene ziri kucitika m'thupi mwace, kapena kumsiyanitsira zimene ayenera kupirira ndi zimene ayenera kuthamangira nazo kucipatala. Ndipo cilangizo ca mu mpingo, cimene cinakonza zambiri za cinamwali, cinalandira mpata umenewu monga cinaupeza.

Zocitika m'thupi ndi izi. Mwana wamkazi abadwa ali nao kale mazira ace onse, oposa miliyoni imodzi, m'timatumba tiwiri tokhala m'mbali mwa ciberekero. Iri ngati nkhokwe imene idzazidwa kamodzi kokha, ndipo kuyambira pamenepo ingotapidwa. Timatumba timeneti titulutsanso m'mwazi mahomoni, ndiwo amithenga a m'thupi, ndipo wamkulu wa iwo achedwa estrogen. Ameneyu ayendetsa masiku a kumwezi, asunga mafupa akhale olimba, asunga njira ya mkazi ikhale yofewa, nathandiza thupi kuweruza kutentha kwace. Mazira akayandikira kutha, estrogen ayamba kukwera ndi kutsika kopanda dongosolo, ndipo pambuyo pace atsika osakweranso. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linena kuti akazi ambiri aleka kusamba pakati pa zaka 45 ndi 55. Koma cinthuci sicicitika tsiku limodzi. Patsogolo pace pali nyengo ya kusintha, imene itha kukhala zaka zinai kapena kuposa: mwezi ufulumira, mwina ucedwa, mwina udumpha miyezi iwiri nubweranso, mwazi uculuka, mwina ucepa. Mai ayesedwa kuti walekadi kusamba pokhapokha itapita miyezi 12 yotsatana osaona kanthu. Amene aleka asanafike zaka 40 waleka msanga, ndipo ayenera kukaonana ndi dotolo, cifukwa mafupa ace ndi mtima wace zidzakhala zaka zambiri zopanda estrogen.

Zizindikiro za nyengo imeneyi zisiyana pa munthu ndi munthu. Ena aoloka osamva kanthu kobvuta. Ambiri amva kutentha kodzidzimutsa kumene kuyamba pacifuwa nikukwera kukhosi ndi kumaso, kukhala mphindi zowerengeka, nikusiya thukuta ndi kuzizidwa. Usiku thukuta linyowetsa zofunda, ndipo tulo tisowa. Ena amva mtima kugunda, mfundo kuphwanya, kuiwala-iwala, kupsa mtima msanga, kapena cisoni copanda cifukwa cooneka. Ku America, ophunzira amene anatsata akazi zikwi zingapo pa zaka zambiri m'kufufuza kochedwa SWAN analengeza m'caka ca 2015 kuti, mwa akazi omva kutenthaku kawiri-kawiri, theka anakumva zaka zoposa 7. Cotero si kanthu ka mwezi umodzi ai. Mai amene sanauzidwe zimenezi afuna yekha tanthauzo lace, ndipo mudzi umpatsa mayankho amene tifuna kuwaweruza limodzi-limodzi.

Yankho loyamba liti, Ndi malungo. Ndipo likakanika liti, Walodzedwa. Mai agula mankhwala pagolosale mwezi ndi mwezi, ndalama zitha, kutentha sikutha. Komatu malungo aoneka ndi kadontho ka mwazi wa pacala, ndipo yankho lituluka tsiku lomwelo. Ngati mwazi ulibe malungo, mankhwala a malungo sadzathandiza. Tisapendekerenso mbali inayo, kuyesa thukuta liri lonse la usiku kuti ndi msinkhu. Likadza pamodzi ndi kutsokomola kwa masabata awiri, kapena ndi kuonda, mai ayezedwe cifuwa cacikulu. Ndipo ludzu losatha, kukodza-kodza ndi litsipa zifuna kuyeza shuga ndi kuthamanga kwa mwazi, pakuti nthenda zimenezi zikonda msinkhu womwewu. Kunena za ufiti, mlandu wace ngwolemera koposa. Taganizani za mai amene tulo tamsowa ndi kutentha, natuluka pakati pa usiku kukakhala pakhonde kuti apitidwe mphepo, ndipo m'mawa ali wotopa ndi wa mau aukali. Mnansi amene anamuona usikuwo safuna umboni wina. Amai acikulire ndiwo anamiziridwa ufiti kawiri-kawiri m'dziko muno, ndipo ena amenyedwa, ena aphedwa. Lamulo la m'caka ca 1911, la Witchcraft Act, liyesa kuchula munthu mfiti kukhala mlandu; koma lamulo silingacotse cikaiko mumtima mwa munthu amene sadziwa cifukwa cimene mnansi wace sagona. Cilangizo ndico cikadacotsa.

Yankho laciwiri liti, Mwezi ukadumpha, kubala kwatha. Limeneli lanamiza mabanja ambiri. M'nyengo ya kusintha dzira likhoza kukhwima ngakhale miyezi itatu yapita osasamba, ndipo mai wa zaka 46 apezeka ali ndi pakati pamodzi ndi mpongozi wace. Manyazi amcititsa kubisa, acedwa kuyamba sikelo, pamene pakati pa msinkhu umenewu pafuna kuyang'aniridwa kuposa pa mtsikana. Madotolo alangiza kuti amene safuna mwana wina apitirize njira yace yolera kufikira caka cathunthu citapita osasamba, ngati wapitirira zaka 50, ndi zaka ziwiri ngati sanafike 50. Amai obaya jakisoni wolera adziwenso ici: jakisoniyo yekha aimitsa mwezi mwa akazi ambiri, cotero kusasamba kwao sikuli umboni wakuti msinkhu wafika. Afunse namwino asanaleke.

Yankho lacitatu likhudza za m'nyumba, ndipo tidzalinena mwaulemu. M'midzi ina aphunzitsa kuti mai amene waleka kusamba asakhalenso malo amodzi ndi mwamuna wace, cifukwa, ati, kusamba ndiko kunali kutsuka mbeu ya mwamuna, ndipo tsopano idzaunjikana m'mimba, niidzaola, mimba nikutupa. Ciphunzitso ici ncabodza. Mbeu siunjikana m'thupi la mkazi pa msinkhu uli wonse. Ina ituluka, ina itha yokha pa masiku owerengeka. Koma zipatso za bodzali nzowawa. Mkazi asamuka pamphasa ndi mantha, mwamuna wa zaka 50 ayang'ana kwina, banja la zaka 30 ligwedezeka, ndipo mwina HIV ilowa m'nyumba ya anthu amene ali nao kale adzukulu, pakuti kuleka kubala sikuteteza munthu ku nthenda zopatsirana. Coonadi cimene cabisala m'nkhaniyi ndi ici: estrogen akatsika, njira ya mkazi iuma nikhala yopyapyala, ndipo kukhala pamodzi kukhoza kupweteka, ena abvutikanso ndi mkodzo wotentha kapena wothawa. Bvuto limeneli liri ndi mankhwala ace, ofewetsa ogula ku sitolo ya mankhwala, ndi ena opaka a estrogen amene dotolo alembera. Kunena za mimba yotupa, imene anthu aiyesa umboni wa mwambowo, imeneyo ikhoza kukhala cotupa ca m'ciberekero kapena ca m'timatumba ta mazira, kapena madzi odza ndi nthenda ya ciwindi kapena ya mtima. Mai wotupa mimba afunika kupimidwa; kumdzudzula kuti anaswa mwambo kungomcedwetsa.

Yankho lacinai ndilo loopsa koposa onse, ndipo owerenga akaiwala zina zonse asaiwale ili. Mai amene analeka kusamba zaka ziwiri zapitazo aonanso mwazi, ndipo anzace amseka nati, Mwabwerera kucitsikana. Iai, mwezi subwerera. Mwazi uli wonse, ngakhale kadontho, wooneka itapita miyezi 12 ya kuleka, ufuna kupimidwa msanga. Kawiri-kawiri cifukwa cace cikhala cacing'ono, monga kupyapyala kwa njira kumene tanena. Koma mwazi wotere ndiwonso cizindikiro coyamba ca khansa ya m'kati mwa ciberekero, ndi ca khansa ya khomo la ciberekero. Dziko la Malawi liri m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la ciberekero iculuka koposa pa dziko lonse: ciwerengero ca m'caka ca 2020 cinati akazi oposa 4,000 anaidwala m'caka cimodzi, ndipo pafupi-fupi 2,900 anafa nayo. WHO inena kuti mkazi wokhala ndi HIV ali pa ngozi ya nthendayi kasanu ndi kamodzi kuposa mnzace wopanda HIV. Ndiponso m'nyengo ya kusintha momwemo muli zizindikiro zimene siziyenera kubisala pansi pa dzina la msinkhu: mwazi wotuluka pambuyo pa kukhala ndi mwamuna, mwazi wa pakati pa mwezi, kusamba kopitirira masiku 7 kapena konyowetsa nsalu ora ndi ora, ndi madzi onunkha. Cakudza siciimba ng'oma. Khansa imeneyi poyamba siwawa, ndipo ikayamba kuwawa yapita kale patali.

Cimene cipweteka mtima ncakuti cithandizo ciripo. Kupima khomo la ciberekero ndi viniga kucitika kwaulere m'zipatala za boma zambiri, makamaka kwa amai a zaka 25 kufikira 49, ndipo kabala kakapezeka kasanasanduke khansa akhoza kukawamba tsiku lomwelo. Cipatala ca Nkhoma cinayamba nchito yotere m'caka ca 2013, pamodzi ndi zipatala zazing'ono zozungulira. M'caka ca 2019 boma linayamba kupereka katemera wa HPV, kacirombo koyambitsa khansayi, kwa ana akazi a zaka 9. Mai wa zaka za m'ma 40 amene sanapimidwepo apite tsopano. Ndipo amene aona mwazi ataleka apite ngakhale ali ndi zaka 70.

Yankho lacisanu lioneka lofatsa, ndipo limveka ngakhale pakamwa pa anthu abwino: Pirirani, ndi ukalamba. Kupirira nkwabwino pamene palibe cocita. Koma mai amene sagona miyezi isanu ndi umodzi, nalephera kulima, kugulitsa pamsika kapena kuphunzitsa m'kalasi, sali woyenera kubwezedwa ndi mau amenewa. Zocita ziripo, ndipo zina ziri m'manja mwace. Kubvala zopepuka, kufunda copyapyala, kumwa madzi ozizira, ndi kucepetsa tsabola ndi tiyi wamoto zithandiza ena pa kutentha. Fodya ndi kacasu ziculutsa kutenthako, nizifooketsa mafupa. Popeza mafupa aonda msanga m'zaka zotsata kuleka, kotero kuti kugwa pang'ono kukhoza kuthyola dzanja kapena nyung'unyu, mai adye usipa ndi matemba pamodzi ndi minga yace, mkaka ukapezeka, ndi masamba monga bonongwe; ndipo asaleke kuyenda ndi kugwira nchito zimene mphamvu zace zilola.

Zizindikiro zikakula, pali mankhwala obwezera m'thupi mahomoni amene acepa, akumwa kapena omata pakhungu, ndipo palibe ena oposa amenewa pa kuletsa kutentha ndi thukuta la usiku. Mbiri yao iyenera kunenedwa moona. M'caka ca 2002 kufufuza kwakukulu kwa ku America, kochedwa Women's Health Initiative, kunaonetsa kuti mtundu wina wa mankhwalawa uonjeza pang'ono ngozi ya khansa ya m'mawere ndi ya kuundana kwa mwazi m'mitsempha, ndipo akazi ambiri anawaleka ndi mantha. Koma awiri mwa atatu ali onse a akazi a m'kufufuzako anali a zaka 60 kapena kuposa. Ataonanso bwino, madotolo anena tsopano kuti kwa mai wathanzi wosafika zaka 60, kapena amene sizinapite zaka 10 cilekere, ubwino wace kawiri-kawiri uposa ngozi yace. Mai amene ali naco ciberekero apatsidwa estrogen pamodzi ndi homoni inzace yoteteza ciberekeroco. Amene anadwalapo khansa ya m'mawere, kuundana kwa mwazi, kufa ziwalo kapena nthenda ya ciwindi, ndi amene ali ndi mwazi wosapimidwa, sayenera kuwalandira; kwa iwo alipo mankhwala ena opanda mahomoni. Cifukwa cace awa si mankhwala obwereka kwa mnansi kapena ogula kwa woyenda nao m'thumba. Sapezeka pa cipatala ciri conse. Koma namwino wa pafupi akhoza kutumiza mai ku cipatala ca boma lace, ndipo madotolo a nthenda za amai apezeka pa zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre. Ndipo cisoni cikakula, kufikira mai ataya cikondwerero ca zonse kapena aganiza zodzipweteka, imeneyonso ndi nthenda yocizika, ndipo ainene kucipatala osacita manyazi.

Tiyeneranso kunena mau kwa a m'zipatala. Mai wacikulire amene wayenda mtunda wautali, nakhala pamzere kuyambira mamawa, sadzayamba yekha kuchula za m'nyumba pamaso pa mnyamata wa msinkhu wa mwana wace. Adzati mutu, adzati thupi lonse kuphwanya, nadzabwerera ndi mankhwala oletsa ululu. Funso limodzi lofunsidwa mofatsa, lakuti, Amai, masiku anu a kumwezi ali bwanji tsopano? likadatsegula zonse. Ndipo inu amai, muthandize wokupimaniyo. Lembani papepala, kapena m'buku lanu la kucipatala, mwezi umene munasamba komariza, masiku amene mwazi unakhala, usiku ungati pa sabata mudzuka ndi thukuta, ndi mankhwala onse amene muli kumwa, a cikuda omwe. Ngati lilime lilemera, pemphani namwino wamkazi, kapena pitani ndi mnzanu wokhulupirika.

Tsono ciweruzo cathu pa cilangizo ca masiku ano ndi ici: ncabwino kumene cifika, koma cilekeza panjira, ndipo cisiya mai yekha pa msinkhu umene nthenda zoopsa zibisala pakati pa zizindikiro zosaopsa. Kukonza kwace sikufuna nyumba yatsopano kapena ndalama za kunja. Amai a Cigwirizano, a Mvano ndi a Umanyano asonkhana kale nthawi ndi nthawi. Alangizi alipo kale pa mpingo uli wonse. Apatule tsiku, ngakhale kawiri pa caka, la amai a zaka 40 ndi kuposa, aitane namwino kapena mzamba wa pa cipatala capafupi, ndipo nchembere zimene zinaoloka kale zisimbe za ulendo wao. Mai ali yense atuluke m'menemo akudziwa zinthu zitatu: kuti kusinthaku si nthenda, si ufiti, kuti zobvuta zace ziri ndi cithandizo, ndi kuti mwazi wooneka ataleka suyembekeza kukolola kapena kugulitsa fodya.

Amunanso afuna cilangizo cao, ndipo akulu a mpingo ndi mafumu ndiwo angacipereke. Mwamuna adziwe kuti mkazi amene ataya zofunda usiku, napsa mtima masana, sanaleke kumkonda, ndipo palibe anamlodza. Adziwe kuti mphasa yao siitha ndi kubala. Ndipo mkazi wace akachula za mwazi, apeze njinga ndi ndalama ya ulendo sabata lomwelo. Mai woleka kusamba ali ndi zaka 50 akhoza kukhala nazo zaka zina 20 kapena 30, ndipo zimenezo ndizo zaka zimene alera adzukulu, asunga ana amasiye, naweruza nkhani za pabanja. Akulu anati, wamva m'mimba ndiye atsegula citseko. Ndi zoona, koma alangizi ayambe amuuza kuti zowawa ziti ziyenera kumdzutsa, ndi kumene angapite akatsegula.